Ndege Yaing'ono ndi Mitambo ya Mwezi wa Juni: Mafunso ndi Mayankho kwa Wapaulendo wa pa Kamwendo

Aliyense amene adaimapo pa mphambano ya pa Kamwendo, pamene msewu wochokera ku Lilongwe umapitirira kulunjika ku boma la Mchinji ndi ku chipata cha Mwami, wina n'kupatukira kumpoto kupyola Kapiri kunka ku Kasungu, amadziwa kuti malowa ndi a anthu osakhazikika pansi: ogula mtedza ndi soya, eni minda ikuluikulu ya fodya, atumiki a mipingo, ndi amalonda amene Lolemba ali ku Chipata, Lachitatu ku Blantyre, pofika Loweruka akufunidwa ku Mzuzu. Sichachilendo tsono kuti mwa anthu otere, makamaka iwo amene Chauta adawadalitsa ndi chuma, ena amafika podzifunsa ngati sikungakhale kwanzeru kukhala ndi kandege kawokawo. Mafunso ali m'munsiwa tawatsamiritsa pa nyengo yozizira, kuyambira Meyi kufikira Ogasiti, popeza ndiyo nyengo imene imanyenga ambiri: mvula yakata, mabingu aleka, thambo layera, ndipo munthu amayesa kuti kumwamba kulibenso choopsa.

Kodi munthu wa pa Kamwendo apindulanji ndi ndege, pamene msewu wa tala uli pakhomo pake?

Ngati ulendo wake wa masiku onse uli wa ku Lilongwe, sapindula kanthu, ndipo tinene zimenezi mosapsatira. Kuchokera pa Kamwendo kukalowa mumzinda ndi mtunda wosakwana makilomita 100; koma bwalo la ndege la Kamuzu lili ku Lumbadzi, makilomita oposa 20 kumpoto kwa mzindawo, kotero kuti munthu akawerengera nthawi yotulutsa ndege m'shedi, kuiyendera, kufunsa za nyengo, kutera, kuimangirira, ndi kufunafuna galimoto yomutengera m'tauni, adzapeza kuti mnzake amene adakwera minibasi wafika kale ndipo akumwa tiyi.

Phindu limayamba kuoneka ulendo ukatalika. Ku Blantyre, kumene pa msewu munthu ayenera kudzera ku Lilongwe, Dedza, Ntcheu ndi Zalewa, natha maola asanu ndi limodzi kapena kuposerapo, m'mlengalenga ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 300, umene kandege kouluka makilomita 220 pa ola kamaumaliza m'ola limodzi ndi theka. Ku Mzuzu mtunda wake ngofanana ndi umenewo, ndipo ku chilumba cha Likoma, kumene galimoto siingafike, ndege ilibe mnzake wopikisana naye koma sitima ya pamadzi. Ndipo nzeruyi si yatsopano: m'zaka za m'ma 1950 kampani ya Central African Airways inkatumikira mabwalo ang'onoang'ono a dziko lino ndi ndege za injini imodzi za mtundu wa Beaver, ndipo kwa anansi athu ku Zambia, dokotala wa mafupa John Jellis adayamba mu 1982 kuyendera zipatala za kumidzi pa ndege yaing'ono, ntchito imene idadziwika ndi dzina la FlySpec.

Koma iye amene akulota zodumpha malire m'mphindi khumi kukagula katundu ku Chipata adziwiretu kuti ndege yotuluka m'dziko imanyamukira pa bwalo lokhala ndi akuluakulu a kasitomu ndi oona za anthu olowa ndi kutuluka. Ndiye kuti, kuti apite kumadzulo, ayenera kuyamba waulukira kum'mawa, ku Lumbadzi.

Mabuku amati choopsa cha nyengo yozizira ndi madzi oundana pa mapiko. Kodi ndigule ndege yokhala ndi zosungunulira?

Mabuku amenewo adalembedwa ku Ulaya ndi ku America, ndipo kwa eni ake akunena zoona; pakuti kumeneko ndege ikalowa mumtambo wozizira, madzi amaundana pa mapiko, nailemetsa, naononganso kaumbidwe ka phiko kufikira lileke kunyamula, ndipo chifukwa chake anthu amalipira ndalama zambiri kuti akhale ndi mphira zofufuma m'mphepete mwa mapiko, kapena timabowo totulutsa mankhwala oletsa kuundana. Kwathu kuno zinthu zili mwina. Mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6.5 pa mamita 1,000 alionse amene munthu wakwera, ndipo popeza pansi pathu mpofunda, malire a kuundana kawirikawiri amakhala pamwamba pa mamita 4,000, pomwe kandege kopanda okosijeni wa apaulendo kamayenda cha m'ma mamita 3,000 kutsika m'munsi. Wogulitsa akakutamirani zosungunulirazo, mumthokoze mwaulemu, ndalamayo muisungire zina.

Mdani wathu ndi mtambo wotsika. M'miyezi ya Juni ndi Julaye mphepo ya kumwera cha kum'mawa imabwera ndi chinyontho kuchokera ku nyanja yamchere ya India, kudutsa dziko la Mozambique, ndipo ikafika pa mitunda yathu imakankhidwira m'mwamba, nizizira, nisanduka nkhungu ndi mvula yowaza ija ya chiperoni, imene imatha kugona masiku angapo pa Mulanje, Thyolo, Zomba ndi Blantyre, ndi pa mapiri a Dedza ndi a Viphya. Tsono chinyengo chake n'chakuti chigwa cha Mchinji ndi Lilongwe, pokhala kuseri kwa mitundayo, chimatha kukhala ndi dzuwa lowala bwino tsiku lomwelo. Munthu amanyamuka pa Kamwendo thambo lili mbee, koma patatha ola limodzi amapeza mtambo ukutsika pamwamba pake, nthaka ikukwera pansi pake, ndipo mpata wa pakati ukunka nuchepa. Phiri la Dedza limapitirira mamita 2,100, nsonga ya Nyika imapitirira 2,600, ndipo Sapitwa ndi mamita 3,002. Onsewa amabisala mumtambo osasiya chizindikiro.

Mtundu wathu udaphunzira zimenezi ndi misozi. Pa 10 Juni 2024, ndege ya asilikali ya mtundu wa Dornier 228 idanyamuka m'mawa ku Lilongwe kupita ku Mzuzu, nigwa m'nkhalango ya Chikangawa, ndipo anthu onse asanu ndi anayi adatisiya, pakati pawo malemu Dr. Saulos Chilima, amene adali wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko. Akatswiri a bungwe la BFU la ku Germany, amene adafufuza ngoziyo, adapeza kuti ndegeyo inkauluka motsika m'nyengo yosaoneka bwino kufikira idagunda mtunda wokwera. Sitikumba nkhaniyi kuti titsegule bala la amasiye, koma kuti wogula kandege alingalire: imeneyo idali ndege ya injini ziwiri, yaikulu koposa iliyonse imene munthu wamba angaigule, ndipo mwezi wake udali womwewu wa Juni.

Chisanu chikamatha, mu Ogasiti ndi Seputembala, vuto limasintha nkhope osachoka. Utsi wa moto wolusa, umene anyamata amayatsa posaka mbewa ndi alimi pososa minda, umasakanikirana ndi fumbi, nutseka m'mphepete mwa thambo, kotero kuti woulukira kumadzulo dzuwa litapendeka saona chilichonse kutsogolo kwake koma kuyera kokhakokha. Kumbukiraninso kuti mu Juni dzuwa limalowa cha m'ma 5:30 madzulo, mdima wa kuno sumachedwa kugwa, ndipo bwalo la kumunda lilibe nyali.

Nanga si pali zipangizo zoulukira mumtambo? Bwanji osangogula ndege yokhala nazo?

Zipangizo zilipo, ndipo muzigule. Koma chipangizo sichiulutsa ndege, amaulutsa ndi munthu wophunzitsidwa kuchikhulupirira. Malamulo a kuuluka ali pawiri. Pali VFR, pamene woyendetsa amadalira maso ake ndipo saloledwa kulowa mumtambo. Palinso IFR, pamene amauluka ndi zipangizo zokha, motsogozedwa ndi a pa nsanja kudzera pa wailesi. Layisensi yoyamba ya woyendetsa ndege yakeyake, imene imafuna maola osachepera 40 a maphunziro a m'mlengalenga, kapena 45 m'maiko ena monga South Africa kumene Amalawi ambiri amakaphunzira, imamupatsa VFR yokha. Chilolezo cha IFR chimafuna maola enanso 40 a kuuluka ndi zipangizo, mayeso apadera, ndi kubwereza kawirikawiri, pakuti luso limeneli limachita dzimbiri msanga.

Chifukwa chake chili m'khutu la munthu. Monga mwana amene wazungulira pamalo amodzi pabwalo, akaima amamva dziko likuzungulirabe ngakhale mapazi ake ali nji, momwemonso woyendetsa amene sakuona malekezero a thambo amamva kuti ndege ili chilili pamene yapendekeka, ndipo poyesa kukonza chimene sichinalakwike amaononga chimene chinali bwino. Mu 1954, pa yunivesite ya Illinois ku America, adayesa oyendetsa ndege 20 osaphunzira za zipangizo powatsekera kuona kunja; onse adalephera kuilamulira ndegeyo, ndipo nthawi yawo, poiwerengera pakatikati, idali masekondi 178, ndiko kunena kuti mphindi zitatu zosakwana.

Choncho ndege yanu ikhale ndi choonetsa kupendekeka, ndi chinzake chapadera chodalira mphamvu ina. Ikhale ndi GPS yojambula mapiri ndi kuchenjeza nthaka ikayandikira. Ikhalenso ndi autopilot, ngakhale yongogwira mapiko kuti akhale molingana. Komabe pali malire amene ndalama siziwachotsa. Woyendetsa wa IFR angathe kukwera pamwamba pa chiperoni nadutsa Viphya ali pamtunda wotetezeka, koma ayenera kutsika penapake, ndipo kutsika mumtambo kumatheka pa bwalo lokhala ndi njira yovomerezeka yotsikira, monga la Kamuzu limene lili ndi chipangizo cha ILS. Bwalo la udzu la kumunda lilibe zotere. Akafika pamwamba pake napeza pali bii, chomuyenera ndi chimodzi, kubwerera kumene wachokera; ndipo ine ndimaona kuti pa zonse zimene munthu angayang'ane posankha ndege ya nyengo yozizira kuno, chachikulu ndi ichi: kodi matanki ake amanyamula mafuta okwanira kupita, kulephera kutera, kubwerera, ndi kutsalabe ndi a ola lathunthu? Akulu adati kuthamanga si kufika, ndipo munthu amene ali ndi mafuta ochepa ndiye amadzikakamiza kutsika pamene sayenera.

Tsono ndege yake ikhale iti?

Yambani ndi bwalo limene mudzanyamukirapo, ndi katundu amene mudzanyamule, dzina la ndege libwere pambuyo. Chigwa chathuchi chili pamtunda wa mamita oposa 1,000, ndipo bwalo la Kamuzu lili pa mamita pafupifupi 1,230. Pamtunda wotere mpweya ngopepuka, ndipo injini yopanda turbo imataya mphamvu pafupifupi 3 pa 100 iliyonse pa mamita 300 alionse. Pano nyengo yozizira ndi bwenzi: m'mawa wa mu Julaye, kutazizira madigiri 10, ndege imamva ngati ili pa mamita 1,300 okha, nidzuka msanga. Koma ndege siigulidwira miyezi inayi yokha. Masana a mu Okutobala, kutatentha madigiri 32, bwalo lomwelo limakhala ngati lili pa mamita 2,100, injini yataya gawo limodzi mwa magawo asanu a mphamvu yake, ndipo mitengo ya bulugama ya kumapeto kwa bwalo imayandikira mofulumira kuposa mmene mtima ungakondere.

Cessna 172, imene idayamba kupangidwa mu 1956 ndipo yapangidwa yochuluka koposa ndege ina iliyonse pa dziko lapansi, ili ndi mipando inayi, imamwa malita 30 kufikira 35 pa ola, ndipo njofatsa kwa wophunzira. Koma mipando inayi si anthu anayi. Zonse zimene ingasenze ndi makilogalamu pafupifupi 400. Mukadzaza malita 200 a mafuta, olemera makilogalamu pafupifupi 145, patsala okwana matumba asanu a mtedza a makilogalamu 50, ndipo m'matumba asanuwo muwerengeremo inu mwini, mayi a kunyumba, ndi masutikesi. Cessna 182 ili ndi injini ya mphamvu za akavalo 230, imamwa malita pafupifupi 50 pa ola, ndipo zambiri mwa izo zili ndi matanki a malita oposa 300, ndiye kuti maola asanu ndi limodzi m'mwamba. Cessna 206, ya mipando isanu ndi umodzi ndi chitseko chachikulu cha katundu, ndiyo ngolo ya mabwalo a m'tchire mu Africa monse, koma kwa munthu woyenda yekha kapena ndi mnzake mmodzi ndi kumwetsa mafuta mipando yopanda anthu. Kwa wa pa Kamwendo ine ndingaloze 182: mapiko ake ali pamwamba, kutali ndi udzu ndi zitsa, ndipo amalola woyendetsa kuona pansi, miyendo yake siipinda, choncho palibe choiwala kutsitsa, ndipo amakaniko a m'chigawo chino cha Africa amaidziwa.

Za bwalo lenilenilo, chilolezo chimachokera kwa akuluakulu oona za ndege m'dziko muno, amenenso amalembetsa ndege za Malawi ndi chizindikiro choyamba ndi 7Q. Liyang'ane kumene mwera umachokera, monga momwe msewu wa ndege wa ku Lumbadzi udagonera kuchokera kumpoto cha kumadzulo kunka kumwera cha kum'mawa. Ndipo pakhale munthu woliyendera m'mawa uliwonse, pakuti chiswe chimamanga kachulu usiku umodzi, mbuzi sizidziwa malamulo a ndege, ndipo ana a m'mudzi akaona malo osalala chotere amaimikapo magolo.

Kodi injini ziwiri siziposa imodzi? Nanga ndege zija zokhala ndi parachuti?

Ndege yaing'ono ya injini ziwiri ikataya imodzi, imataya pafupifupi magawo 80 pa 100 a mphamvu yake yokwerera, ndipo pamtunda wathuwu, itasenza katundu, yotsalayo nthawi zina imangochedwetsa kutsika. Koma mafuta ndi kukonzetsa zimakhala zowirikiza kawiri masiku onse. Cirrus SR22 ili ndi parachuti yotsitsa ndege yonse, imene yapulumutsadi miyoyo, ndipo njothamanga; koma matayala ake ngaang'ono, okonda tala, ndipo parachutiyo iyenera kupakiridwanso zaka 10 zilizonse pa mtengo wosaseketsa. Zonse ziwirizi zimayankha funso la injini yozima, osati la phiri lobisala mumtambo.

Ndiye kuti kuzizira pakokha sikuivuta ndege kuno?

Kumaivuta, koma m'malo obisika. Ndege zakale zambiri zili ndi kabuleta, ndipo m'khosi mwake mpweya umazizira ndi madigiri 20 kapena kuposerapo pamene mafuta akusanduka nthunzi. Choncho tsiku la chinyontho, ngakhale kunja kuli madigiri 15 kapena 20, madzi amatha kuundana m'katimo natsamwitsa injini pang'onopang'ono. Tsiku la chiperoni ndilo tsiku lake lenileni. Pali kachokokera kolowetsa mpweya wofunda, kamene woyendetsa ayenera kukakoka asanachepetse mphamvu potsika, ndipo injini ikayamba kukhosomola atakakoka asachite mantha n'kukabweza, pakuti kukhosomolako ndi madzi osungunuka akudutsa. Injini zopopera mafuta mwachindunji, zopanda kabuleta, zilibe vutoli, ndipo pa ndege ziwiri zofanana imeneyo ndiyo yoyenera kutsogozedwa.

Usiku wozizira, thanki yosadzaza imachita thukuta m'kati, madziwo natsikira pansi. N'chifukwa chake m'mawa uliwonse woyendetsa amagwada pansi pa phiko ndi kabotolo koonekera, nakhetsa mafuta pang'ono, nakakweza ku kuwala: mafuta a avgas abwino amaoneka obiriwira ngati thambo, ndipo madzi, ngati alimo, amakhala pansi pa kabotolo ngati kadontho koyera kogubuduka. Akatero amasuzumiranso m'kapaipi koyezera liwiro, mmene mavu omanga ndi dothi amakonda kumata chisa. Ndipo amene wagona ku Nyika, kapena wapita ku Johannesburg mu Julaye, akapeza chisanu chayera pa mapiko asanyamuke kufikira chitasungunuka chonse, ngakhale chikhale chopyapyala chotani.

Chinanso ndi chotenthetsera m'kati, chimene chimatenga kufunda kuchokera pa paipi ya utsi. Paipiyo ikang'ambika, mpweya wa poizoni wa carbon monoxide, wopanda fungo ndi mtundu, umalowa pamodzi ndi kufundako. Okonda mpira akukumbukira Emiliano Sala, amene adafa pa 21 Januwale 2019 pamene ndege ya Piper Malibu idagwera m'nyanja ya pakati pa France ndi England. M'magazi ake mudapezeka mpweya umenewu wochuluka. Kachipangizo kochenjeza za mpweyawu n'kotchipa kuposa tayala limodzi la ndegeyo.

Nanga mafuta ndi kukonzetsa?

Walira mvula walira matope. Ndege zing'onozing'ono tatchulazi zimamwa avgas, amene sapezeka pa bwalo lililonse ndipo ngokwera mtengo, pomwe Jet A-1, amene ndege zikuluzikulu zimamwa, amapezeka mosavutirapo pa mabwalo aakulu. Ichi n'chifukwa chake ena amayang'ana Diamond DA40 ya injini ya dizilo, imene imamwa Jet A-1 mosamala kwambiri, ngakhale kuti mapiko ake aatali ndi otsika sakondwera ndi bwalo la m'tchire. Ndipo makampani amasankha Cessna Caravan, imene kwa munthu mmodzi njoposa msinkhu. Ndege imayenderedwa ndi makaniko wovomerezeka chaka chilichonse ndiponso pa maola oikika, ndipo injini zambiri za mtundu uwu zimafuna kumasulidwa ndi kumangidwanso zikakwanitsa maola 1,500 kufikira 2,000. Chitsulo chilichonse chimagulidwa ndi madola. Ndipo amene adaona kwacha ikugwa ndi 44 pa 100 iliyonse mu Novembala 2023 safunika kumuuza tanthauzo la zimenezo. Munthu wanzeru, asanayale maziko a nsanja, amayamba wakhala pansi nawerengera. Ndipo pano kuwerengera kwabwino ndiko kubwereka ndege ya hayala ndi woyendetsa wake kwa nyengo imodzi yozizira, n'kumalemba m'kabuku masiku onse amene ulendo udalephereka chifukwa cha mtambo. Ngati ntchito yanu siingapirire masiku amenewo, galimoto isagulitsidwe.

Ndikapeza yogwiritsidwapo kale ntchito pa mtengo wabwino, ndiyang'ane chiyani?

Pafupifupi ndege zonse zimene munthu wa kuno angazikwanitse ndi zakale, zambiri za m'ma 1970, ndipo ukalamba pawokha si mlandu, pakuti ndege yosamalidwa imatumikira mibadwo iwiri. Koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Utoto watsopano ndi mipando yachikopa siziuza munthu kanthu. Funsani mabuku a ndegeyo, a injini ndi a chopukusa mphepo, kuyambira tsiku limene idatuluka m'fakitale, ndipo pakasowa masamba mtengo utsike kapena inu muchoke. Tengani makaniko wanuwanu, wosadya nawo kwa wogulitsa, atsegule timazenera ta pansi pa mapiko naunike ndi tochi, makamaka ngati ndegeyo idakhala m'mbali mwa nyanja yamchere, ku Beira kapena ku Durban, kumene chitsulo chimadyeka mwakachetechete. Muope injini imene yakhala zaka osalira koposa imene yauluka sabata iliyonse, popeza dzimbiri limamera m'kati mwa injini yogona.

Pomaliza auzeni akuonetseni ELT, kabokosi kamene kamalira pa wailesi ndege ikagwa kuti ofunafuna adziwe kolowera. Kakhale ka mtundu watsopano wa 406 MHz, kamene masetilaiti amakamva, kalembetsedwe m'dzina lanu, ndipo muwerenge ndi maso anu tsiku lolembedwa pa batire lake. Pa ndege ya ku Chikangawa, ofufuza adapeza kuti batire la kabokosi kameneka lidatha nthawi yake mu 2004, ndipo ndegeyo idapezeka tsiku lotsatira, asilikali atafunafuna m'nkhungu usiku wonse.